Anasamuka n'kusiya katundu m'nyumba yanga ya lendi

Ndili ndi nyumba imodzi yomwe ndimachititsa lendi, ndipo kwa zaka zambiri mavuto anga anali odziwika kale: mpopi wodontha, lendi yochedwa, khoma lolembedwalembedwa ndi ana. Nkhani imene inandisowetsa tulo inabwera ndi bambo ena aulemu kwambiri, omwe sitinayambanepo ngakhale tsiku limodzi. Ntchito itawathera, anayamba kulephera kulipira. Tinakambirana mwachifatse, iwo eni n'kunena kuti kuli bwino asamuke ngongole isanakule. Tsiku losamuka anabwera ndi kagalimoto kakang'ono, anapakira zomwe zinakwana, n'kundipatsa makiyi pamanja.

"Mayi, kwatsala katundu pang'ono kuchipinda chakumbuyo. Ndidzatenga Loweruka likubwerali."

"Palibe vuto bambo, mudzandipeza."

Loweruka linafika n'kudutsa, linanso chimodzimodzi. Foni yawo inasiya kupezeka, anangoti zii. Nditatsegula chipinda chija ndinapeza kuti katundu "pang'ono" uja anali filiji, makina osokera opondera ndi mapazi, matiresi awiri, silinda ya gasi, njinga ya mwana, makatoni angapo ndi sutikesi yokhoma. Pa nthawiyi n'kuti munthu wina atalipira kale dipoziti, akufuna kulowa mwezi ukangotha.

Aliyense amene ndinamuuza nkhaniyi anali ndi yankho limodzi: "Gulitsani! Si ali ndi ngongole yanu?" Masamu ake ankaoneka abwino ndithu, chifukwa filiji ndi makina aja zikanakwirira dzenje lonse. Amene anandibweza ndi alamu anga, omwe amagwira ntchito zamalamulo. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Alamu, ngongole ndi nkhani ina, katundu ndi nkhani inanso. Munthu akasiya chinthu m'nyumba mwanu, chinthucho sichisanduka chanu. Mwangosanduka wosunga, ngakhale simunapemphe ntchitoyo."

Anandifotokozera kuopsa kwake. Mukagulitsa mwaphuma, mwini katundu akhoza kukusumirani kuti mumulipire mtengo wa zinthu zake, ndipo amene amanena mtengowo poyamba ndi iyeyo. Filiji yakale imasanduka yatsopano. Sutikesi imene simunaitsegule n'komwe imapezeka kuti munali ndalama. Ngati mulibe chithunzi, mulibe mboni, mulibe kalata yosonyeza kuti munamuchenjeza, mudzatsutsa ndi chiyani? Munthu amene anali ndi ngongole yanu akhoza kutuluka m'khoti inu ndinu amene muli ndi ngongole yake.

Malamulo a nkhaniyi amasiyana dziko ndi dziko, nthawi zina ngakhale m'dziko limodzi momwemo. Ku England amatsatira lamulo la 1977 lotchedwa Torts (Interference with Goods) Act, lomwe limalola wosunga katundu wa mwini kugulitsa pokhapokha atapereka chidziwitso cholembedwa ndi nthawi yokwanira, ndipo ndalama zotsala atachotsapo zomwe wawononga pogulitsa zimakhalabe za mwini katunduyo. Ku California mwini nyumba amadikira masiku osachepera 15 ngati chidziwitso wachipereka pamanja, 18 ngati watumiza pa positi. Katundu wosafika madola 700 akhoza kumusunga kapena kumutaya nthawiyo ikatha, koma wopitirira pamenepo amayenera kugulitsidwa poyera. Ku Ontario, m'dziko la Canada, munthu akathawa m'nyumba amadikiridwa masiku 30, pomwe amene wachotsedwa ndi lamulo amapatsidwa maola 72 okha kuti atenge zake. Ku South Africa mwini nyumba ali ndi danga logwira katundu wa munthu amene sanalipire lendi, koma danga limenelo limadzera kukhoti, osati kungokhoma chitseko. Masiku akusiyana, koma msana wake ndi umodzi: mudziwitseni mwini, mupatseni nthawi, ndipo ndalama iliyonse yochokera pa katundu wake ikhale yowerengeka. Choncho musanakhudze kanthu, funsani loya kapena kalaliki wa kukhoti kwanuko kuti lamulo likuti masiku angati. Ulendo umenewo ndi wotchipa kuposa mlandu.

Funso loyamba limene alamu anga anandifunsa linali loti, "Kodi anachokadi?" Kwa ine yankho linali losavuta, chifukwa anandibwezera makiyi ndipo tinali titagwirizana tsiku lotuluka. Zimavuta pomwe munthu wangosowa, makiyi ali nawo, makatani akadali pa windo. Munthu akhoza kukhala ali m'chipatala, ali m'chitokosi cha apolisi, kapena wapita kutali kukagwira ntchito. Kusalipira lendi pakokha sikutanthauza kuti wasamuka. Mukathamangira kusintha loko n'kutulutsa katundu, m'madera ambiri zimenezo zimatengedwa ngati kuthamangitsa munthu mosatsata lamulo, ndipo mlandu wake ndi waukulu kuposa wa katundu. Pamenepo pamafunika kufatsa, kufunsa oyandikana nawo, kulemba makalata, ndipo ngati pali chikaiko, kudzera kukhoti.

Ntchito yeniyeni inayamba ndi kulemba kaundula. Ndinaitana mboni ziwiri zomwe si abale anga, ndipo sindinakhudze kanthu zisanafike. Tinayamba kujambula vidiyo tili pakhomo, ine ndikutchula tsiku ndi nthawi mokweza, n'kulowa chipinda ndi chipinda. Kenako chinthu chilichonse chinajambulidwa pachokha, makamaka pomwe panali powonongeka: chitseko cha filiji chinali chobonyoka pansi, njinga inalibe tcheni, matiresi amodzi anali ong'ambika m'mbali. Pa filiji tinakopera nambala imene imakhala pa kachitsulo kakumbuyo. Alamu anga anandiphunzitsa kalembedwe kena komwe sindikanakaganizira: lembani zomwe maso akuona, osati zomwe mukuganiza. Mukapeza ndolo zonyezimira, lembani kuti "ndolo zamtundu wachikasu", osati "ndolo zagolide". Mukalemba golide ndi dzanja lanu, tsiku lina mudzafunsidwa golide.

Sutikesi sitinaithyole. Tinaijambula mbali zonse loko ikuonekera, n'kuilemba kuti "sutikesi yokhoma, sinatsegulidwe". Makatoni omwe anali otsegula kale tinaona zamkati mongodutsa kuti tidziwe ngati muli zowola kapena zoopsa, kenako tinawamata ndi tepi, mboni zija n'kusaina modutsa pa tepipo, mwakuti aliyense wotsegula angaonekere. Pomaliza tonse tinasaina pansi pa tsamba lililonse la kaundula uja.

Filiji ndiyo inatipatsa ntchito. Magetsi anali atathima kalekale zakudya zili momwemo, ndipo titangotsegula chitseko, mmodzi mwa mboni anathawira panja atagwira mphuno. Pansi panali madzi akuda, m'mphepete mwa labala mukuyenda mphutsi. Zowola ngati zimenezi sizidikira chidziwitso. Tinajambula, tinataya, tinatsuka. Filijiyo ndinaisunga chitseko chili chotsegula pang'ono, chifukwa filiji yozimitsa ikatsekedwa imachita nkhungu mkati ndipo fungo lake silitha msanga.

Pa makina osokera ndi pomwe maganizo anga anasinthiratu. Pansi pa singano panali patapanidwabe nsalu yobiriwira, mkono wa diresi utasokedwa theka. M'kadirowa kam'mbali munali tepi yoyezera, choko chosongoka mbali imodzi, timawilo ta ulusi, ndi kabuku kakuda ndi thukuta komwe munalembedwa mayina a anthu ndi miyezo yawo: chifuwa, chiuno, msinkhu. M'katoni yapafupi munali nsalu zopindidwa bwino, iliyonse itabayidwa kapepala ka dzina ndi pini. Apa ndinaona zinthu ziwiri. Makinawo anali a mayi a m'nyumbamo, omwe dzina lawo silinali n'komwe pa mgwirizano wa lendi, ndipo ndi amene ankadyetsa banjalo bambo ntchito itawathera. Nsaluzo zinali za makasitomala, anthu omwe sanandilakwire chilichonse. Ndikanamvera aja a "gulitsani", ndikanagulitsa katundu wa anthu ambiri chifukwa cha ngongole ya munthu mmodzi. Si zonse zopezeka m'nyumba ya lendi zomwe zili za wochita lendiyo: zina ndi zobwereka, zina ndi za mkazi kapena mwamuna wake, zina anazitenga pa ngongole kusitolo ndipo sanamalize kulipira.

Zinthu zina zimafuna chisamaliro chapadera. Silinda ya gasi ndinaitseka bwino n'kuiimika panja pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi moto. Mankhwala omwe tinapeza anali otha nthawi, ndipo ndinakawasiya ku famase m'malo mowataya m'dzala momwe ana angatole. Matiresi ndinawakulunga m'mapulasitiki ndisanawasunthe, chifukwa nsikidzi zimatha kukhala miyezi yambiri osayamwa magazi, ndipo sindinkafuna kusamutsira mavuto kwanga. Zina zonse ndinaziika m'chipinda changa chosungiramo katundu, pamwamba pa matabwa kuti zisakhudze pansi, n'kukhoma, kiyi n'kukhala ndi ine ndekha. Wosunga amayenera kusamala moyenerera. Sakukakamizidwa kumanga nyumba yapadera, koma akasiya katundu pamvula kapena pomwe aliyense angatole, mlandu ndi wake. Mukapeza mfuti, zipolopolo kapena mankhwala ozunguza bongo, musazigwire n'komwe, itanani apolisi. Ngati wasiya galu kapena mphaka, chamoyo sichingadikire masiku 30: chipatseni madzi ndi chakudya tsiku lomwelo, n'kufunafuna oona za ziweto.

M'katoni ina munali mapepala: masatifiketi a sukulu, zikalata za kubadwa kwa ana, mabuku a kuchipatala, pasipoti, ndi zithunzi za ukwati. Katundu ameneyu pamsika alibe mtengo, koma kwa mwini wake amaposa filiji, ndipo ena mwa mapepalawa akatayika kuwapezanso kumatenga miyezi ndi ndalama. Ndinawaika mu envelopu yaikulu, ndinamata, n'kuwasunga m'nyumba mwanga momwe. Sindinawerenge mabuku a kuchipatala aja. Matenda a munthu si gawo la ngongole ya lendi. Munalinso foni yakale, ndipo sindinaiyatse. Maganizo anga ndi akuti mapepala otere asatayidwe ngakhale nthawi ya chidziwitso itatha. Ngati mwini sakupezeka ndithu, pasipoti imabwezedwa ku boma limene linaipereka, chifukwa m'mayiko ambiri imakhalabe katundu wa boma, ndipo khadi la kubanki limabwezedwa kubanki yake. Makalata omwe ankabwerabe m'dzina lawo sindinkawatsegula.

Kenako chidziwitso. Ndinalemba kalata yaifupi yokhala ndi tsiku, mndandanda wa katundu, komwe ali, mmene angandipezere, tsiku lomaliza lodzatengera, ndi zomwe zidzachitike tsikulo likadutsa. Ndinapereka masiku 30. Kalatayo inapita ku keyala yomwe analemba pa mgwirizano, ina ndinakaisiya komwe ankagwira ntchito, ndipo ndinaijambula n'kuitumiza pa WhatsApp komanso pa meseji wamba. Pa WhatsApp panangooneka kachongi kamodzi kotuwa, kusonyeza kuti uthenga wachoka kwa ine koma sunafike pa foni yawo. Ndinajambula sikirini imeneyo n'kusunga, chifukwa nawonso ndi umboni woti ndinayesa. Kwa achemwali awo, omwe nambala yawo inali pa mgwirizano, ndinangoti, "Chonde auzeni achimwene anu kuti katundu wawo ndamusunga bwino, andiimbire." Za ngongole sindinatchule. Mnzanga wina anandiuza kuti ndiike chithunzi chawo pa Facebook kuti anthu andithandize kuwasaka, koma ndinakana. Kumeneko n'kuyalutsa munthu, ndipo munthu woyalutsidwa sabwera kudzakambirana, amabwera ndi loya.

M'kalatamo ndinaikamo chiganizo chimodzi chomwe ndikukhulupirira kuti ndicho chinagwira ntchito: "Kudzatenga katundu wanu sikukudalira kuti mulipire kaye ngongole, za ngongole tidzakambirana padera." Anthu ambiri amene amasiya katundu sikuti sakumufuna. Amaopa kuti akangoonekera pageti, nkhani ikhala ya ndalama, mwina pamaso pa anthu. Manyazi amasunga munthu kutali kuposa mtunda.

Nthawi yodikira ndiyo inabweretsa alendo. Mphekesera ikangomveka kuti pali katundu wopanda mwini, eni ake amachuluka. Mayi wina woyandikana nafe anapempha kuti "asungireko" njinga ija, poti mwana wake ndi wamsinkhu womwewo. Ndinamuuza kuti ikusungika kale. Kenako kunabwera bambo wina wolankhula mokweza, n'kunena kuti filiji ndi yake.

"Mayi, filiji imeneyo ndinawagulitsa ine, sanamalize kulipira. Ndabwera ndi ngolo, ndikuitenga lero."

"Mwina mukunena zoona bambo, koma ine amene anandisiyira si inu. Bweretsani pepala losonyeza zimenezo, kapena eni ake andiuze okha. Popanda zimenezo filiji sichoka pano."

Anachoka akung'ung'udza. Ndinalemba tsiku limene anabwera ndi zomwe ananena. Lamulo langa linali limodzi kwa aliyense, ngakhale wachibale: chilolezo chochokera kwa mwini, cholembedwa kapena cha pafoni ine ndikumva mawu ake, chiphaso cha wotengayo, ndi kusaina pa zomwe watenga. Mukapereka katundu kwa munthu wolakwika, mwini akabwera adzafunsa inu, osati iyeyo.

Tsiku lomaliza lisanakwane, foni inalira pa nambala yachilendo. Anali bambo aja. Foni yawo anali ataigulitsa, mayi a m'nyumba aja anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo uthenga anaumva kwa achemwali awo. Mawu awo oyamba anali opepesa za ndalama. Ndinawadula n'kuwauza kuti abwere adzatenge makina, mayi akachira ayambirenso ntchito.

Anabwera ndi achemwali awo aja. Tinatenga kaundula n'kumachonga chinthu chimodzichimodzi. Anayang'ana tepi ya pa makatoni, anaona masiginecha ali osaduka, ndipo sutikesi anaitsegula okha ndi kiyi wawo ife tikuona. Envelopu ya mapepala anaitsegula pomwepo n'kuwerenga masatifiketi kawiri. Za filiji anavomera kuti bambo wolankhula mokweza uja ankanena zoona, panali ndalama yotsala. Tinamuitana, anagwirizana okha awiri, ine n'kungolemba zomwe agwirizana, onse n'kusaina. Onani tsono, chinthu chomwe aliyense ankandiuza kuti ndigulitse poyamba sichinali n'komwe cha munthu amene anali ndi ngongole yanga. Matiresi ndi ziwiya zina anati alibe pokaika, ndipo anandilembera pa pepala kuti akundilola kupereka kwa ena kapena kutaya. Pansi pa kaundula analemba kuti alandira zonse zili bwino ndipo alibe dandaulo.

Titamaliza zimenezo m'pamene tinakhala pansi pa nkhani ya ngongole. Tinachotsapo dipoziti yawo, n'kulemba pepala lina la mmene adzalipirire zotsala pang'onopang'ono. Ndalama yosungira katundu sindinawalipiritse, chifukwa chipinda chinali changa ndipo sindinawonongepo kanthu kupatula tepi ndi mapulasitiki. Amene walipira malo osungira kapena galimoto yonyamulira angathe kufuna kubwezeredwa ngati lamulo la kwawo likulola, koma ndalamayo ikhale yeniyeni, ya malisiti, ndipo itchulidwe m'chidziwitso muja. Kukweza dala ndalama yosungira kuti munthu alephere kuwombola katundu wake ndi kulanda komwe.

Nanga akanapanda kubwera? Alamu anga anali atandikonzera kale njira. Tsiku lomaliza likadutsa, zopanda mtengo zimatayidwa kapena kuperekedwa kwa osowa, mukulemba kuti chapita kuti. Zamtengo zimagulitsidwa poyera pa mtengo woyenera, osati kudzigulitsa nokha kapena kwa m'bale wanu pa mtengo wongoseka. Mumasunga malisiti, mumachotsa zomwe mwawononga posunga ndi pogulitsa, ndipo zotsala mumazisunga padera monga ndalama za mwini. Kwina lamulo limati zikaperekedwe ku boma. Ngati mungachotsepo ngongole ya lendi kapena ayi, zimenezo ndi zofunsa kwa odziwa lamulo la kwanuko, chifukwa kwina n'zololedwa, kwina zimafuna chigamulo cha khoti. Ndipo ngati mwamva kuti wochita lendi wamwalira, imani kaye. Katundu wake wasanduka chuma chamasiye, ndipo amayenera kuperekedwa kwa amene ali ndi mphamvu yoyendetsa chumacho mwalamulo, osati wachibale amene wayamba kufika ndi galimoto.

Chichitikireni zimenezi ndinasintha mgwirizano wanga wa lendi. Muli ndime yonena kuti katundu wotsala adzasungidwa kwa masiku angati, chidziwitso chidzatumizidwa kuti, ndipo ndalama yosungira adzalipira ndani. Ndime yotere siingapose lamulo la dziko, koma imathandiza kuti nonse mudziwiretu pomwe mwaima. Tsiku lotuluka timayendera nyumba limodzi, kuyang'ana pamwamba pa wadiropu, kuseri kwa zitseko, ndi kumbuyo kwa nyumba komwe anthu amaunjika zinthu n'kuiwala. Ngati pali chotsala, chimalembedwa pomwepo ndi tsiku lodzatengera, tonse n'kusaina.

Ndimapemphanso manambala a anthu awiri oti ndingawapeze ngati wochita lendi sakupezeka, ndipo ndimawaimba pomwepo tisanasainirane. Mnyamata wina wofuna nyumba anandipatsa nambala n'kunena kuti ndi ya amalume ake. Nditaimba, foni inalira m'thumba la jekete yake. Anaseka, nanenso ndinaseka, kenako ndinamupatsa cholembera kuti alembe ina.